Njinga yamoto ya masilinda awiri kapena ya anayi: yoyendera msewu wa Thyolo ndi iti?

Wowerenga wina wa ku Luchenza walemba motere:

"Zikomo amakaniko. Ine ndimakhala ku Luchenza koma ntchito ndimagwira ku Limbe. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuyendera kanjinga ka 150, ndipo ndinagwapo kamodzi kokha, pamatope. Tsopano ndasonkhanitsa kangachepe, ndikufuna njinga yaikulu. Mlamu wanga amene ali ku Joni wandipezera ziwiri za mtengo wofanana: Kawasaki Ninja 650 ya 2017 ndi Honda CBR600RR ya 2008. Akuti Kawasaki ndi ya masilinda awiri, Honda ndi ya anayi. Anzanga akundiseka kuti ya awiri ndi Lifo yonenepa chabe, mwamuna weniweni amakwera ya anayi. Chondizunguza mutu n'chakuti 650 ndi nambala yaikulu kuposa 600, nanga bwanji akuti yothamanga ndi 600-yo? Ndipo pamakona a ku Thyolo yomvera bwino ndi iti? Loweruka lina ndizifunanso kutenga mayi a kunyumba kupita kwawo ku Muloza."

Achimwene, mtima m'malo. Mlamu wanu sanakusankhireni zinyalala, zonse ziwiri ndi njinga zenizeni, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama zisanachoke m'thumba. Ambiri amabwera kwa ine njinga itafika kale, mapulasitiki atasweka, ena dzanja lili m'chikhakha. Ndikuuziranitu maganizo anga: kwa inu, pamsewu umene mumayendawo, Kawasaki ndiye yoyenera. Komabe anzanuwo sakunama zonse, ndiye tiyeni tiifotokoze bwino nkhaniyi kuti mukawayankhe ndi mfundo.

Tiyambe ndi manambala akukuzunguzaniwo. Nambala ya 650 kapena 600 imangonena kukula kwa malo onse amene mapisitoni amakokeramo mpweya ndi petulo. Sinena kuti malowo agawidwa bwanji. Kawasaki ili ndi 649cc yogawidwa pawiri, ndiye kuti silinda iliyonse ndi pafupifupi 325cc, pisitoni yake yaikulu mamilimita 83, yoyenda mtunda wa mamilimita 60 kukwera ndi kutsika. Honda ili ndi 599cc yogawidwa panayi, silinda iliyonse pafupifupi 150cc. Mwaiona nambalayo? Ndi tinjinga tanu tinayi tomangidwa pamodzi. Pisitoni yake ndi ya mamilimita 67 ndipo imangoyenda mamilimita 42.5.

Taganizani za pamtondo. Kuno kuli amayi awiri amphamvu, aliyense ndi munsi wolemera. Akatsitsa munsi, nthaka imachita kugwedezeka, koma sangathe kufulumira kwambiri chifukwa munsiwo umalemera pokweza. Uko kuli atsikana anayi ndi timinsi topepuka. Akamasinja modekha, mumati akusewera. Koma akayamba kuthamangitsa manja, mphale imakonoleka msanga kuposa ya amayi aja. Injini ndi chimodzimodzi. Kapisitoni kopepuka koyenda mtunda waufupi kamatha kukwera ndi kutsika kambirimbiri pamphindi osathyoka. Pa wotchi ya Honda, mzere wofiira wosonyeza malire uli pa marevu 15,000, kutanthauza kuti injini ikuzungulira maulendo 15,000 pamphindi imodzi. Kawasaki ikamafika cha ku 10,000 imakhala yatha mawu.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mphamvu yokoka, imene mabuku amaitcha torque, ndi yofanana pa njinga ziwirizi: zonse zili cha pa 66 Nm. Kusiyana n'kwakuti Kawasaki imapereka mphamvu imeneyo pa marevu 6,500, pamene Honda imadikira mpaka marevu apyole 11,000. Horsepower ndi mphamvu yokokayo kuchulukitsa ndi kufulumira kwa injini, n'chifukwa chake Honda ili ndi pafupifupi 120 pa marevu 13,500 pamene Kawasaki ili ndi 68 pa marevu 8,000. Pamsewu wowongoka wopanda mbuzi, Honda idzaisiya Kawasaki ngati yaima. Anzanu apa akunena zoona. Funso langa ndi lakuti, pakati pa Luchenza ndi Limbe, marevu 13,500 mukawafikira pati? Giya yoyamba yokha ya Honda imapyola makilomita 100 pa ola. Kuti mumve kukoma kumene munalipira, muyenera kukhala kuti mwaphwanya kale lamulo muli m'giya yachiwiri, ndipo zatsala zinayi.

Tiyeni tikwere limodzi. Mwachoka ku Luchenza m'mawa, mwadutsa pa boma la Thyolo, mukukwera chitunda pakati pa minda ya tiyi, kutsogolo kuli lole yodzaza ikufuka utsi. Mwakhala kumbuyo kwake, injini ili pa marevu 4,000, giya yachinayi. Mpata watseguka, waufupi, kona ina ikubwera. Pa Kawasaki mumangopotoza dzanja, njinga imatukula chifuwa n'kupita, mwadutsa, mwabwerera kumanzere. Pa Honda mukapotoza dzanja pa marevu 4,000 imangoti "ndamva, ndikubwera." Muyenera kutsitsa magiya awiri kapena atatu kaye, singano ikwere kufika pa 8,000 kapena 9,000, ndiye imadzuka. Ikadzuka siidzuka mwaulemu. Imachoka ngati yalumidwa ndi mavu, ndipo kona imene mumaiona patali ija mumangozindikira muli kale pakamwa pake.

Khalidwe limeneli ndi limene limapweteka anthu ochokera pa tinjinga ta 150. Njinga ya masilinda anayi ya mtundu uwu imanamiza. Masiku oyamba mumayenda pa marevu apansi, imakhala yofatsa ngati mwana wa nkhosa, mumati, "Aa, koma ndiyeno anthu amangoopseza." Tsiku lina mwakondwa, mwasiya dzanja lotsegula kwa masekondi awiri owonjezera, singano yadutsa 10,000, ndipo mwapezeka pa njinga ina imene simunaikwerepo chibadwire. Ya masilinda awiri ilibe nkhope ziwiri. Zimene yakupatsani pa 4,000 ndi zomwezo, zongowonjezekera pang'onopang'ono, mpaka mphamvu ithe.

Ine zimenezi ndinaziphunzira ndi khungu langa. Zaka zambiri zapitazo, nditangobwerako ku Joni kumene ndinaphunzirira ntchitoyi, ndinkayesa 600 ya masilinda anayi ya kasitomala wina m'mawa wa chiperoni. Chifunga chinali chitaphimba tiyi yense, msewu wonyowa koma mvula yeniyeni kulibe, kamvula kongowaza kaja kamene sikatsuka msewu koma kumangoupaka sopo. Potuluka m'kona ina, thirakitala inali itatulukira m'kamsewu ka m'munda n'kusiya mizere iwiri ya dothi lofiira pa tala. Ndinali m'giya yachiwiri, marevu ali m'mwamba chifukwa ndinkamvetsera phokoso lina la m'injini. Ndinangowonjezera moto pang'ono, tayala lakumbuyo linazungulira pamalo amodzi, njinga inapita chammbali, kenako tayala linagwiranso tala youma n'kundiponya m'mwamba ngati thumba la chimanga. Ndinatera m'ngalande, phewa linaguluka, ndipo malipiro a miyezi itatu anathera ku mapulasitiki a mwini wake. Amayi othyola tiyi anandizungulira ndi madengu kumsana akundifunsa ngati ndili moyo. Mmodzi anandiuza kuti, "Bambo, mumathamangira kuti m'mawa uno?" Mpaka lero yankho ndilibe.

Pali nkhani ina imene okonda masilinda awiri amaikokomeza, ndipo ndikufuna muimve moyenera. Amati injini ya awiri imagwira msewu bwino chifukwa imapatsa tayala mpata wopuma. Chiyambi chake n'choona. Silinda iliyonse imaphulika kamodzi injini ikazungulira kawiri. Ya anayi imaphulika kanayi motalikirana mofanana, n'chifukwa chake imalira mosalala ngati mluzu. Ya awiri imaphulika kawiri kokha, ndipo nthawi zambiri motalikirana mosiyana. Pa Suzuki SV650, imene masilinda ake anakhala ngati chilembo cha V, komanso pa Yamaha MT-07 ndi R7, kuphulika kwachiwiri kumabwera injini itazungulira madigiri 270, kenako pamakhala kadanga ka madigiri 450. Pa Ninja 650 yanuyo ndi 180 kenako 540. Akatswiri a mipikisano anaona kuti kugunda kotereku kumathandiza wokwera kumva zimene tayala likuchita. Honda inayesa zofanana nazo pa NSR500 ya Mick Doohan mu 1992, ndipo Yamaha inasintha R1 yake mu 2009 kuti, ngakhale ili ya masilinda anayi, iziphulika mosatalikirana mofanana. Koma zimenezi zimaonekera kwa munthu amene akuyendetsa tayala lili pafupi kuterereka pakona iliyonse. Inu popita kuntchito, chimene chidzakugwiritseni msewu ndi tayala labwino ndi dzanja lodekha, osati madigiri.

Anzanu oti ya awiri ndi Lifo yonenepa mukawauzekonso izi. Mpikisano wa World Superbike utayamba mu 1988, malamulo ankalola ya masilinda awiri kufika 1000cc pamene ya anayi inkalekezera pa 750cc, pofuna kuti zifanane mphamvu. Ducati ya masilinda awiri inavutitsa makampani a ku Japan zaka zambiri, Carl Fogarty anatenga ukatswiri kanayi, mu 1994, 1995, 1998 ndi 1999. Honda yomweyo, imene inatchukitsa masilinda anayi ndi CB750 mu 1969, inatopa n'kugonja, inapanga yake ya awiri, RC51, ndipo Colin Edwards anapambana nayo mu 2000 ndi 2002. Koma iwonso ali ndi poyankhira: malamulo atasintha, ya anayi inayamba kuloledwa 1000cc, ndipo pomaliza Ducati yomwe inatulutsa Panigale V4 mu 2018. Mpikisanowo umatiuza chinthu chimodzi chokha, kuti kukula kukafanana ndipo cholinga chili liwiro, anayi amapambana.

Tibwere ku makona. Apa anthu amasokoneza zinthu ziwiri, injini ndi thupi la njinga. N'zoona kuti injini ya awiri ndi yopyapyala, mawondo amakhala moyandikana, mapazi amafika pansi mosavuta, ndipo njinga imagona ndi kudzuka mopepuka mukamachoka kona yamanja kulowa yamanzere. Injini ya anayi ndi yotambalala, ndipo marevu akakwera, zitsulo zozungulira m'katimo zimachititsa njinga kukanira pang'ono kupendekeka. Koma musaganize kuti ya awiri nthawi zonse ndi yopepuka. Pa ziwiri zanuzi, zonse zili pafupifupi makilogalamu 190 ndi mafuta omwe, ndipo Honda ndiye yopepukirapo, chifukwa fulemu yake ndi ya aluminiyamu ndipo anaipangira mpikisano. Mashoko a Honda ndi apamwamba, amasinthika kutsogolo ndi kumbuyo. Mabuleki ake akutsogolo ndi akuthwa, chala chimodzi chikwanira. Ili ndi kachipangizo koletsa mahandulo kugwedezeka pa liwiro. Kawasaki zinthu zimenezi anaziika zotchipirapo: mafoloko ake sasinthika, ndipo mukaiumiriza kwambiri pakona yothamanga imayamba kuvinavina. Mutandipatsa tala yosalala ngati ya ku Kyalami kapena Zwartkops, mabwalo a mpikisano a ku South Africa, ndingasankhe Honda maso otsinzina.

Msewu wathu suli wotero. Pakona ya ku Thyolo mumakumana ndi dzenje, mchenga wokokoloka ndi mvula, dizilo wotayika, wakabaza atanyamula matumba a makala mopingasa, ana a sukulu, galu. Mashoko olimba a Honda amafuna liwiro kuti agwire ntchito, pa liwiro lathu amangokupatsirani dzenje lililonse m'msana. Chachikulu kuposa zonse ndi kakhalidwe. Pa Honda mahandulo ali pansi, mumagona pa thanki, thupi lonse limatsamira m'mikono. Potsika mtsetse wautali mukugwira buleki, zikhatho zimachita dzanzi. Kuti muone kutsogolo muyenera kudzutsa khosi ngati kamba, ndiye onjezani chifunga cha mu June pagalasi la helimeti. Mahandulo akewo sakhota kwambiri, kutembenuka pamsewu wopapatiza kumafuna kubwerera m'mbuyo ndi mapazi. Pa Kawasaki mumakhala chowongoka pang'ono, mumaona pamwamba pa galimoto yaing'ono, ndipo dzenje likatulukira mwadzidzidzi mumakhala ndi mphamvu m'mikono yolizemba. Pamsewu ngati wathu, njinga yomvera bwino ndi imene imakulolani kuona msanga ndi kusintha maganizo muli pakati pa kona.

Ya awiri ili ndi zake zonyansa, ndisakubisireni. Pa marevu apansi kwambiri, pansi pa 3,000, imadumphadumpha, tcheni chimachita khwakhwa, makamaka mukamakwawa pamsika wa Bvumbwe tsiku la msika kapena pamzere wa magalimoto ku Limbe. Muyenera kuphunzira kusewera ndi kilatchi. Ya anayi pamenepo imayenda myaa, mutha kukwawa m'giya yachitatu osadandaula. Ya awiri imanjenjemeranso, mumaimva m'mapazi ndi m'magalasi oonera kumbuyo. Ndiponso mukatseka moto imadzigwira yokha mwamphamvu, chifukwa mapisitoni ndi aakulu. Potsika mapiri zimenezi zimathandiza, mabuleki sapsa. Koma pamsewu wonyowa mukatsitsa giya mwankhanza, tayala lakumbuyo limatha kukwekwereza. Mwayi wanu ndi wakuti Ninja 650 ya 2017 ili ndi kilatchi yoterereka dala ikamva kukoka koteroko, imene Honda ya 2008 ilibe. Mufunsenso mlamu wanu ngati Kawasaki-yo ili ndi ABS, chipangizo choletsa tayala kukwekwereza mukafinya buleki mwamphamvu. Ngati ili nayo, kwa ine mlandu watha pomwepo. Munthu wozolowera mabuleki ofooka a 150 akadzidzimuka amafinya ndi dzanja lonse, ndipo pa njinga yaikulu yopanda ABS kufinya kotero pamchenga ndi kugwa.

Za mayi a kunyumba ndiye musachite kufunsa. Mpando wakumbuyo wa CBR600RR ndi kachikopa kokwana chikhatho, kali pamwamba ngati pa chulu, ndipo ekizozi inadutsa pansi pake penipeni. Kuchoka ku Luchenza kudutsa pa Chitakale mpaka ku Muloza atakhala pamenepo, mawondo ali m'khosi, pansi pakutentha, adzafika kwa apongozi anu atakwiya ndipo pobwerera adzakwera minibasi. Pa Kawasaki si pa sofa, komabe munthu amakhala. Kulikonse kumene angakwere, chitenje achimange bwino kapena avale buluku. Tcheni cha njinga izi chili poyera ndipo nsonga ya nsalu ikakodwa sichikhululuka. Zokhala chammbali miyendo mbali imodzi, monga amachitira pa kabaza, pa njinga izi ayi. Pansi pa zonse ziwiri pali mpata wa masentimita 13 okha kapena kupitirira pang'ono, ndiye mahampu aatali muziwakwera mopendeketsa, makamaka muli awiri, ndipo kamsewu kafumbi kolowera kumudzi nthawi ya dzinja mudzakayenda ndi mapemphero.

Tsopano za m'thumba, chifukwa kugula njinga n'kosavuta, kuidyetsa ndiye ntchito. Monga ndaonera pa zimene zadutsa m'manja mwanga, 650 ya awiri yoyendetsedwa mwaulemu imapyola makilomita 20 pa lita, pamene 600 ya anayi imasewera pakati pa 15 ndi 18, ndipo dzanja likamayabwa imatsika kuposa apo. Kwa munthu woyenda ulendo wa Limbe tsiku ndi tsiku, kusiyanako pamwezi ndi thumba la ufa ndi ndiwo zake. Mafuta akasowa, monga zimachitikira kwathu kuno, mudzayesedwa kugula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Injini ya Honda imapanikiza mpweya kwambiri, 12.2 kwa 1, pamene ya Kawasaki ndi 10.8 kwa 1. Yopanikiza kwambiri imadana ndi petulo wosakaniza ndi palafini, imayamba kugogoda m'kati, ndipo pa marevu apamwamba kugogodako kumadya pisitoni. Kumbukiraninso kuti petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo. Njinga zonse ziwiri zimayenda naye, koma ethanol amakoka chinyezi, ndiye kuno kwathu konyowa musamaisiye miyezi ili ndi thanki yatheka, dzimbiri limayamba m'kati n'kukatseka pampu.

Pa sevisi, chilichonse chimene Kawasaki ikufuna ziwiri, Honda ikufuna zinayi: mapulagi, makoilo. Mavalavu Kawasaki ili nawo 8, Honda 16, ndipo kuti muwafikire pa Honda muyenera kuvula mapulasitiki, thanki, bokosi la mpweya, mpaka dzanja kulowa ngati mukuchotsa mbewa kuuna. Tayala lakumbuyo la Honda ndi 180, la Kawasaki ndi 160, ndipo lalikulu ndi lodula. Matayala a saizi imeneyi simudzawapeza pa Limbuli kapena kwa ogulitsa masipeya a kabaza. Mwina ku Blantyre mwamwayi, koma kawirikawiri mudzadalira mlamu wanuyo kuti akweze pa basi. Choncho muuzeni njinga isanachoke kumeneko aiveke matayala atsopano a mtundu wa sport touring, osati ofewa a mpikisano amene amafuna kutentha kuti agwire, ndipo aikemo m'katoni mafyuluta a oyilo, mapadi a mabuleki, mapulagi, tcheni ndi masipuloketi ake, ndi ndodo ya kilatchi ndi ya buleki zapadera. Tsiku loyamba imene idzagwe chiimire pabwalo, chifukwa idzagwa, ndodozo ndi zimene zimathyoka.

Chinanso chimene simunafunse koma n'chofunika kuposa masilinda: njinga ziwirizi zasiyana zaka zisanu ndi zinayi. Njinga ya 600 ya mtundu umenewu sagula agogo opita kutchalitchi. Zambiri za ku Gauteng, chigawo chimene kuli Joni, zalawako bwalo la mpikisano kapena zaimitsidwapo ndi tayala limodzi. Mlamu wanu ayang'ane mitu ya mabawuti a mabuleki ndi bawuti yotulutsira oyilo: ngati ili ndi timabowo toboola, inkamangidwa waya wa mpikisano. Aone ngati mapulasitiki ali oyambirira kapena ogula padera opakidwa penti watsopano. Aone pamene mahandulo amagunda akakhotetsa mpaka kumapeto, ngati kachitsulo koimitsako kali kophwanyika ndiye kuti inagwapo kwambiri. Ayang'ane mafoloko ngati akudontha oyilo, ndi marimu ngati ali opindika. Akujambulireni kanema akuiliza m'mawa injini ili yozizira, dzanja lake likhudze kaye ekizozi kuti muone kuti sanaitenthetse, ndipo mumvetsere ngati muli kulira kwa tcheni cha m'kati kapena utsi wabuluu. Batire aliyeze injini ikulira, lizionetsa cha pa 14 volts. Zonsezi achitenso pa Kawasaki. Ya awiri yozunzika ndi yoipa kuposa ya anayi yosamalidwa. Ngati mlamu wanu sadziwa za njinga, alipire makaniko wa kumeneko amene sali mnzake wa wogulitsa kuti aiyeze. Ndalama imeneyo musaiumire.

Mapepala nawo asakupezeni mochedwa. Nambala ya fulemu ndi ya injini zifanane ndi za pamapepala, pakhale chikalata cha apolisi a kumeneko chotsimikiza kuti si yakuba, ndipo mufunse ku MRA za msonkho njinga isananyamuke, kuti musakakomoke pachipata. Ku Road Traffic mukatsimikize kuti laisensi yanu ndi ya code A, chifukwa A1 imalekezera pa 125cc. Inshuwalansi musaiwale.

Ngati mtima wanu wakana, ukufuna kulira kwa masilinda anayi basi, ndikumvetsani. Ine ndemwe ndikamva 600 ikukwera marevu kuseri kwa phiri ndimasiya sipanala n'kutuluka panja. Koma pamenepo uzani mlamu wanu asiye CBR600RR ija, afunefune Honda CBR650F kapena CBR650R. Ndi ya anayi, imalira bwino, koma mphamvu yake anaitsitsira pakati, ili cha m'ma 90 horsepower, mahandulo ali pamwambako, mpando wakumbuyo ndi wa munthu. Imalemera kupyola makilogalamu 200 ndipo imamwa kuposa Kawasaki, koma siluma mwadzidzidzi.

Iliyonse imene ifike, zaka zanu zisanu ndi chimodzi zakuphunzitsani kuwerenga msewu, ndipo chimenecho ndi chuma. Sizinakuphunzitseni kuimitsa makilogalamu 190 othamanga. Pezani bwalo lopanda anthu, ndi munthu amene wakwera njinga zazikulu kwa nthawi yaitali, muyeserere kugwira buleki yakutsogolo mwamphamvu kuyambira pa liwiro lochepa, kukhota mozungulira, ndi kukankha handulo ya mbali imene mukufuna kupita. Mwezi woyamba musanyamule munthu. Helimeti ikhale yotseka chibwano, osati kachipewa ka pa kabaza, ndipo jekete, magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo muziwerengere pamtengo wa njinga. Mukagwa n'kumenya mutu, ngakhale mwadzuka bwinobwino, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka mukamasanza, mukamaodzera kapena mutu ukamakula kupweteka, ndipo helimeti imeneyo ntchito yake yatha.

Njinga nayo ili ndi zizindikiro zosafunika kudikira Loweruka. Mahandulo akamagwedezeka okha, ikamakokera mbali imodzi, buleki ikamalowa ngati siponji, nyale ya oyilo ikayaka injini ikulira, kapena kutentha kukakwera fani osazungulira muli pamzere ku Limbe, imani. Musaipereke kwa mnyamata wa pansi pa mtengo amene amakonza za kabaza, ngakhale ali waluso pa zakezo. Injini izi zimafuna sipanala yoyezera kulimba kwa bawuti, ndipo oyilo wake ndi wa njinga, wolembedwa JASO MA kapena MA2 pabotolo, chifukwa kilatchi imasamba mu oyilo yemweyo ndipo wa galimoto amaitereretsa. Kanema wa m'mawa uja akafika, wa njinga zonse ziwiri, nditumizireni ndimvetsere musanatumize ndalama.